Pati 2 ya filimu ya mizukwa yoseketsa ikubwera: tidalire positala, trailer kapena pakamwa pa anthu?

Muphwa wanga ali ndi video show pa msika wina wa m'mbali mwa msewu wa M1 kuno ku Dedza: kanyumba ka malata, mabenchi 6, TV yaikulu ndi sipika yomwe imamveka mpaka kwa anyamata a tchipisi. Tsiku lina adandipeza pakhonde ndikuothera kadzuwa ka m'mawa, poti kuzizira kwa kuno simufuna kuchita kuuzidwa, n'kundilozetsa foni kumaso.

"Atsibweni, taonani. Pati 2 ya filimu ya mizukwa ija ikubwera. Iyi yokha idzandidzazira nyumba."

Ndidamufunsa kuti wadziwa bwanji poti filimuyo sinatuluke. Adati positala yake ndi yoopsa zedi, ndipo trailer, kavidiyo kotsatsa filimu kaja, waionera katatu, ulendo uliwonse akuseka yekha.

Ineyo ndidayamba kuonera mafilimu nthawi ya matepi a VHS, pamene mwini video ankapachika chikuto cha tepi pakhomo, ife n'kumasankha poona minofu ya mwini filimu. Zikuto zimenezo zidandidyera ndalama zambiri za mandasi. Ndiye m'malo motsutsana naye ndi pakamwa, tidakhala pansi n'kuyamba kuyeza chimodzichimodzi zinthu zomwe munthu angadalire filimu isanafike: positala, ka trailer koyamba kakafupi kaja, trailer yaikulu, kachigawo ka filimu kosadulidwa, zokamba za anthu ndi manambala a pa intaneti, kapena kungodikira. Sizilemera mofanana, ndipo pa filimu ya mtundu uwu zimasiyana kwambiri kuposa pa mafilimu ena.

Filimu ya nkhonya ndi yosavuta kuiweruza. Ukaona mateche abwino mu trailer, mateche alimo ndithu, kaya nkhani yake ndi yozizira. Koma filimu ya mizukwa yoseketsa imasenza ntchito ziwiri zolimbana: ikuimitse tsitsi, kenako ikuwawitse nthiti. Mantha akachuluka kuseka kumathawa, nthabwala zikachuluka mzukwa umasanduka chidole. Ife a ku Dedza izi tidaziphunzira kubwalo, osati pa TV. Amene adaimapo m'mbali gule atatuluka akudziwa momwe chilombo chimabwerera ndi liwiro, ana n'kubalalika, amayi n'kukuwa, mtima uli m'khosi, kenako mwadzidzidzi chaima, chayamba kudzandira ngati bambo wochokera kumowa, bwalo lonse n'kufa ndi phwete.

A kudambwe musandiimbe mlandu, sindikuika gule wamkulu pa sikelo imodzi ndi zopeka za ku Hollywood, ndangobwereka phunziro limodzi. Pitani ku Mua, ku Kungoni komwe Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, mukalowe m'nyumba ya Chamare momwe muli nkhope za gule mazanamazana. Mudzagoma ndi luso, mudzamuona gule uja Simoni ndi kufiira kwake, koma simudzathawa ndipo simudzagwa ndi chiseko. Chosowa ndi ng'oma, ndi kamphindi kaja kamene chilombo chimaima chete chisanadumphe. Mantha ndi kuseka zimagona m'kamphindi kameneko. Choncho njira iliyonse ndimaifunsa chinthu chimodzi: kodi ikundionetsa kamphindiko, kapena yangondionetsa nkhope pakhoma?

Positala

Iyi ndiye yotsika mtengo kuposa zonse. Mnzako wakutumizira pa WhatsApp, bandulo siimva n'komwe. Ndipo pa funso loti filimu idzaseketsa kapena ayi, ndiye yopanda ntchito kuposa zonse. Mapositala a mafilimu a mizukwa yoseketsa amafanana ngati adabadwa kwa mayi mmodzi: utsi wobiriwira, thambo lofiirira, nyumba yakale kumbuyo, mitu ya osewera itawunjikana ngati kabichi wa pa Lizulu, mmodzi atatong'ola maso, wina akumwetulira chammbali. Wojambula waluso angathe kupangira filimu yowola positala yoti uipachike pabalaza. Chikomekome cha mkuyu chomwe chija.

Koma musaitaye, chifukwa positala ili ndi malo amodzi pomwe singathe kunama. Yang'anani pansi penipeni. Pa positala yeniyeni, ija ya mainchesi 27 m'lifupi ndi 40 m'litali yomwe amapachika m'nyumba zoonetsera mafilimu ku America, pamakhala timalemba topanikizana, titalititali koma toonda ngati udzu. Kuondako si fashoni. Mapangano a ntchito amanena kuti kutalika kwa zilembo za maina kuyenderane ndi kutalika kwa mutu wa filimu, ndiye ojambula amazitalikitsa n'kuzifinya kuti onse akwane. M'timalemba timeneto muli dzina la dayirekita, la olemba nkhani, la woimba nyimbo za m'filimu. Pa pati 2 iliyonse, maina amenewa ndi ofunika kuposa chithunzi chonse, chifukwa amayankha funso loti kodi ophika ndi omwe aja kapena angobwereka poto.

Zitsanzo ziwiri zikuthandizani kuona kusiyana. Filimu ya ku India yotchedwa Bhool Bhulaiyaa idatuluka mu 2007, dayirekita ali Priyadarshan, mwini filimu ali Akshay Kumar. Yachiwiri ya dzina lomwelo idabwera mu 2022 ndi dayirekita wina, Anees Bazmee, mwini filimu wina, Kartik Aaryan, ndiponso nkhani ina. Sindikuti idali yoipa, anthu adaikonda ndipo idapanga ndalama, koma amene adalowa akuyembekezera kupitiriza pomwe adalekezera adapeza nyumba ya eni ena. Mbali inayi, Beetlejuice ya mu 1988 idadikira zaka 36 kuti ipeze yachiwiri mu 2024, ndipo dayirekita Tim Burton adabwerera pamodzi ndi Michael Keaton, Winona Ryder ndi Catherine O'Hara, ngakhale olemba nkhani adali atsopano. Zonsezi mukadazidziwa kuchokera pa maina okha, filimu isanatuluke.

Palinso timisampha tiwiri. Wosewera wotchuka wa mu pati 1 dzina lake likaikidwa kumapeto kwenikweni kwa mndandanda, patsogolo pake pali kamawu koti "with" kapena "and", kawirikawiri ndiye kuti ndi munthu wolemekezeka koma gawo lake ndi lochepa. Nkhope yake ingakhale yaikulu pa positala, m'filimu n'kungodutsa ngati mlendo wopempha madzi. Kwinaku mukaona positala ikudzitama kuti filimuyi yachokera kwa kampani kapena kwa mabwana a ndalama omwe adapanga filimu ina yotchuka, osatchula wolemba kapena dayirekita, dziwani kuti akukuonetsani mwini chigayo, osati wophika nsima.

Vuto lake ndi loti WhatsApp imafinya chithunzi mpaka timalemba tija timasanduka nyerere. Musavutike kukulitsa ndi zala. Lembani dzina la filimu pa Wikipedia kapena pa IMDb, tsamba la pa intaneti losunga mbiri ya mafilimu, maina onse ali pomwepo, ndipo tsamba la mawu okhaokha silidya bandulo ngati vidiyo.

Ka trailer koyamba

Aka amakatcha teaser, ndipo sindikhalitsapo. Kamatenga mphindi imodzi kapena kupitirira pang'ono, kamatuluka kudakali miyezi yambiri, nthawi zina ntchito yokonza filimu ili mkati. Pa pati 2 kamagulitsa chikumbutso basi: nyimbo ya mu pati 1 ikuimbidwa pang'onopang'ono pa piyano, chitseko chakale chija chikutseguka, mawu amene mudawakonda aja akumveka mumdima, kenako deti. Ukamva tsemwe, koma tsemwe limenelo ndi la filimu yakale. Akuluakulu adati tsabola wakale sawawa, koma amalonda a mafilimu adapeza kuti fungo lake limagulitsabe. Kamakuuzani kuti filimu ilikodi ndiponso idzatuluka liti. Zina zonse musakafunse.

Trailer yaikulu

Apa ndi pomwe muphwa wanga adagwera, ndipo anthu ambiri amagwera pomwepa, chifukwa trailer imaoneka ngati umboni. Waona ndi maso ako, waseka ndi pakamwa pako, ungakanenso chiyani?

Tiyambe ndi masamu. Lamulo la bungwe la makampani a mafilimu ku America lakhala loti trailer isapitirire mphindi ziwiri ndi theka, ndipo mu 2014 eni nyumba zoonetsera mafilimu adapempha kuti itsike kufika pa mphindi ziwiri. Filimu ya mphindi 100 ikakupatsani mphindi ziwiri ndi theka, mwaona gawo limodzi mwa magawo 40. Aliyense amene adagulapo ndowa ya kachewere m'mbali mwa msewu akudziwa kuti zikuluzikulu zimakhala pamwamba. Wogulitsa sananame, kachewere wamkuluyo alimodi mu ndowa. Funso ndi la zomwe zili pansi pake.

Chachiwiri, amene amadula trailer nthawi zambiri si amene adapanga filimu. Pali makampani apadera omwe ntchito yawo ndi imeneyi basi, ndipo amalembedwa ganyu ndi a zamalonda. Nyimbo zomwe mukumva zingathe kukhala zobwereka zomwe m'filimu mulibe. Choopsa kwambiri pa filimu yoseketsa ndi chakuti iwo amatha kumanga nthabwala yomwe kulibe. Amatenga funso pa chochitika china, yankho pa china, nkhope yodabwa pa chachitatu, n'kuzisoka pamodzi ndi kugunda kwa ng'oma. Mantha nawo amawamanga chimodzimodzi: chithunzi chida bii, phokoso lonse lizima, kenako chiphokoso n'chinkhope. Kamphindi kaja ndimanena kamakhalapo ndithu mu trailer, koma ndi ka wodula trailer, si ka filimu.

Nthawi zina zomwe mwaona mu trailer sizikhalamo n'komwe m'filimu. Mu 2022 anthu awiri ku America adasumira kampani ina yaikulu chifukwa adalipira madola 3.99 aliyense kubwereka filimu pa intaneti ataona wosewera wina wamkazi, dzina lake Ana de Armas, mu trailer, koma m'filimumo adali atamuchotsamo. Mu Disembala chaka chomwecho woweruza Stephen Wilson adagamula kuti trailer ndi malonda, choncho ingathe kuimbidwa mlandu wonamiza ogula. Mlanduwo sudawapindulire kwenikweni pamapeto pake, koma mawu a woweruzayo ndi oti muziwakumbuka: chimene mukuonera chija ndi chotsatsa malonda, ngati cha sopo.

Ndiye kodi trailer tiitaye? Ayi, koma tiziionera ngati munthu wogula ng'ombe, osati ngati mwana woona maswiti. Ine ndimachita motere. Ulendo woyamba ndimangoonera n'kusangalala. Wachiwiri ndimazimitsa mawu. Popanda nyimbo, misoko imaonekera: uyu akufunsa ali m'khitchini masana, woyankha ali panja usiku atavala malaya ena. Popanda mawu mumaonanso ngati osewerawo amaseketsa ndi thupi ndi nkhope, kapena zonse zili pa lilime, ndipo mfundo imeneyi tiifuna kutsogoloku. Kenako ndimawerenga nthabwala. Zingati ndi zatsopano, zingati ndi zongokumbutsa za mu pati 1? Trailer yomwe mphamvu yake yonse ili pa "mukumukumbuka uyu?" ikukuuzani kuti olemba adapita kumunda wakale kukakunkha. Ndipo trailer yachiwiri ikatuluka, iyerekezeni ndi yoyamba. Nthabwala zitatu zomwe zija zikabweranso, mwina ndi zokhazo zomwe zili mu ndowa.

Pali chinthu chimodzi chomwe trailer imanena moona, ndipo kwa mwini video show kapena kholo n'chofunika. Ma trailer a ku America ambiri amayamba ndi chikwangwani chobiriwira kapena chofiira. Chofiira chimatanthauza kuti trailer yomweyo ili ndi zolaula, magazi kapena zina za akulu okha. Pamakhalanso chizindikiro cha msinkhu wa filimu: G, PG, PG-13, R kapena NC-17, kuyambira G ya aliyense mpaka NC-17 ya akulu okhaokha. Chizindikiro cha PG-13 chidayamba mu 1984 makolo atadandaula kuti mafilimu ena a PG adali oopsa kwa ana, ndipo imodzi mwa mafilimu omwe adautsa mkanganowo idali ya mtundu womwewu, yosakaniza tizilombo toopsa ndi nthabwala. Pati 1 ikakhala PG-13 koma pati 2 ndi R, kapena mosemphanitsa, dziwani kuti ndiwo zasintha mchere. Zizindikiro zimenezi ndi za kwawo, kuno tili ndi bungwe lathu loona za mafilimu pansi pa lamulo la mu 1968, koma zimakupatsa chithunzi cha amene ungamulole kulowa Loweruka masana ana asukulu atadzaza mabenchi.

Musanaweruze trailer, onetsetsani kuti ndi yeniyeni. Masiku ano pa YouTube, Facebook ndi TikTok padzaza ma trailer opangidwa ndi AI, nzeru za makompyuta zija, kapena osokedwa kuchokera m'mafilimu akale, a ma pati 2 ndi pati 3 omwe palibe amene akuwajambula. Mu 2025 YouTube idafika potsekera ndalama ma channel ena akuluakulu a ntchito imeneyi. Mukaona mawu oti "concept" pa mutu wa vidiyo, ndi zopeka za munthu ali kuchipinda kwake. Yeniyeni imakhala pa channel ya kampani yomwe yapanga filimuyo. Ndidaonapo bolodi ya video show ina italembedwa ndi choko kuti filimu yakuti ikubwera posachedwa, filimu yomwe mpaka lero kulibe.

Kachigawo kosadulidwa

Iyi ndiye njira yanga, ndipo ndi imene anthu ambiri amaidumpha chifukwa ilibe phokoso. Kukatsala milungu yochepa kuti filimu ituluke, makampani amatulutsa tizigawo ta mphindi imodzi kapena ziwiri tomwe amatitcha clip: chochitika chimodzi monga momwe chilili m'filimu, popanda nyimbo yobwereka, popanda kudumphadumpha. Apa ndiye mwaima m'mbali mwa bwalo, ng'oma ikulira yeniyeni.

Choyamba chomwe ndimayang'ana ndi chakuti kodi anthu a m'filimumo akuchitadi mantha. Izi zimamveka ngati zosemphana ndi nthabwala, koma ndiye gwero lake. Timaseka bambo wodzitama masana kuti iye saopa kanthu chifukwa usiku tamuona akubisala kumbuyo kwa mkazi wake. Mantha ake akakhala abodza, kuseka kwathu kulibe poima. Nthenda yaikulu ya ma pati 2 ndi imeneyi: anthu aja adazolowerana ndi mzukwa mu pati 1, tsopano amauyankha ngati mnzawo wa pa bawo, ndipo woonera naye amasiya kuuopa. Kachigawo kamodzi kokha kamaulula nthendayi.

Chachiwiri ndi kudekha. Kodi kamera imalola kuti chete akhalepo, munthu amve kuti kumbuyo kwake kuli kanthu, atembenuke pang'onopang'ono? Kapena aliyense akulankhula mothamanga ngati kondakitala woitanira minibasi, poopa kuti tingatope? Filimu yodzikayikira imaopa chete.

Chachitatu ndi malamulo a mzukwawo. Nthano zathu zonse za usiku zili ndi malamulo: chakuti sichiwoloka madzi, chakuti ukachitchula dzina chimatembenuka, wakuti akaphwanya chizimba zimamubwerera. Malamulo ndi amene amabala mantha, ndiponso ndi amene amabala nthabwala, chifukwa nthawi zonse pamakhala chitsiru chimodzi choti chiwaswe. Mzukwa wongochita chilichonse chomwe makompyuta angajambule umatopetsa msanga, ngakhale utakongola bwanji.

Kuipa kwa njira imeneyi kulipo. Kachigawoko kamabwera mochedwa, kamakudyera nthabwala imodzi yomwe ukadaiseka bwino m'filimu, ndipo nakonso amasankha ndi a malonda omwe aja. Koma taganizani: ngati pa zochitika zonse za m'filimu asankha chomwe akuchiyesa chabwino koposa, inu n'kuonera nkhope ili gwaa, yankho mwalipeza ndi bandulo ya mphindi ziwiri.

Pakamwa pa anthu ndi manambala

Filimu isanatuluke, ndemanga za pansi pa trailer ndi phokoso la pamsika. Umboni wake ndi filimu ya mizukwa yoseketsa yotchedwa Ghostbusters ya mu 2016. Trailer yake idadedwa pa YouTube kuposa trailer ya filimu ina iliyonse panthawiyo, anthu asanaione filimuyo, ndipo mkwiyo wambiri udali woti m'malo mwa amuna anayi a mu Ghostbusters yoyamba ya mu 1984 adaikamo akazi anayi. Itatuluka, oposa 70 pa 100 alionse mwa olemba ndemanga za mafilimu omwe tsamba losonkhanitsa ndemanga zotere la Rotten Tomatoes lidawawerenga adati ili bwino. Mu Novembala 2021 YouTube idabisa chiwerengero cha odana ndi vidiyo, koma khalidwe la anthu silidabisike nawo. Okonda pati 1 amayamika asanaone, okwiya amanyoza asanaone. Kandimverere uja adakanena za m'maluwa.

Filimu ikatuluka manambala amayamba kukhala ndi tanthauzo, bola kudziwa kuwawerenga. Nambala ya Rotten Tomatoes si malikisi ngati a mayeso. Ikati 80, ikutanthauza kuti olemba 80 pa 100 alionse adati filimuyo ndi yabwinoko kusiyana ndi kuipa, ngakhale onsewo atangoti "ilibe vuto". Pa IMDb amavota ndi anthu wamba kuyambira 1 mpaka 10, ndipo a masiku oyambirira amakhala okonda kapena odana kwambiri, ndiye dikirani milungu ingapo nambala ikhazikike. Kachizindikiro kena n'kakuti kampani ikakana kuonetsa filimu kwa olemba ndemanga mpaka tsiku lotuluka, kawirikawiri imakhala kuti ikudziwa zomwe yaphika.

Komabe manambala onsewa ndi a anthu a ku Los Angeles, London kapena Mumbai. Kuseka sikuyenda bwino pa ndege. Ndipo mzukwa womwe kwa iwo ndi choseweretsa cha pa Halloween, chikondwerero chawo chovala zoopseza, kuno umagwera pa anthu omwe nkhani za ufiti sazitenga ngati masewera. Tikukumbuka za anamapopa mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, pomwe anthu adaphedwa chifukwa cha mphekesera. Filimu yoseka mzimu wa m'nyumba yakale ya azungu ingadzaze mabenchi, pomwe ina yoseweretsa manda kapena mapemphero ingatulutse theka la anthu, amayi ena akung'ung'udza pakhomo. Zimenezi palibe nambala ya kunja yomwe ingakuuzeni.

Kudikira, ndi nkhani ya ma DJ

Njira yomaliza ndi kusaweruza n'komwe mpaka filimu ifike. Kale mafilimu a ku America ankatha pafupifupi miyezi itatu m'nyumba zoonetsera asanapezeke pena paliponse. Kuyambira nthawi ya Covid-19 makampani ambiri adafupikitsa kufika pa masiku 45 kapena kucheperapo, ndiye kudikira sikupweteka ngati kale. Chimene sindingalangize ndi makope oyambirira aja ojambulidwa mobisa ndi kamera m'holo. Kupatula kuti ndi akuba, pa filimu ya mizukwa ndi kutaya ndalama: theka la filimu limachitika usiku, ndipo pa kope lotero mumangoona mdima ndi mutu wa munthu wopita kuchimbudzi.

Koma tinene zoona za kuno kwathu. Filimu yomwe imafika pa mabenchi a muphwa wanga si yomwe adaitulutsa ku America kapena ku India. Ndi yomasuliridwa m'Chichewa, yomwe DJ waipatsa maina a kwathu, mzinda wa kunja wausandutsa Ndirande, mzukwa wauyankhulitsa ngati agogo okwiya. Zikatero masikelo onse amasintha. Nthabwala zosewera ndi mawu a Chingerezi zimafera panjira, DJ n'kuikapo zake, ndipo DJ waluso amatha kudzutsa filimu yakufa. Nthabwala za thupi, munthu kugwa, kuthawa, kubisala malo opusa, zimawoloka zonse bwinobwino. N'chifukwa chake kuonera trailer mawu atazimitsidwa kuli ndi phindu lapadera kwa ife: zomwe zakuseketsani popanda mawu ndi zomwe zidzatsale filimu ikamasuliridwa.

Chomwe chimatayika ndi mantha. DJ sakonda chete. Pomwe dayirekita adasiya kamphindi koti mtima ugunde, iye amalowetsapo ndemanga, mwina n'kuneneratu kuti chinthucho chili kuseri kwa chitseko. Filimu yomasulira imaseketsa kuposa yoyamba koma siopsa ngati yoyamba. Amene mukufuna kumva zonse ziwiri, muyambe mwaonera yosamasulira, usiku, foni ili kutali.

Ndiye wina asankhe chiyani? Zikutengera chomwe mungataye. Ngati nkhawa yanu ndi bandulo, werengani maina pa Wikipedia, dumphani teaser, trailer muionere kamodzi pa 360p, chithunzi chosadya bandulo yambiri, n'kusunga zotsalazo kudikira clip. Kholo lofuna kudziwa ngati ana angaonere lisavutike ndi zonsezi, chizindikiro cha msinkhu ndi mtundu wa chikwangwani zikukwanira poyambira. Wokonda pati 1 mpaka kuloweza mawu ake, inu ndiye muli pangozi kuposa onse, chifukwa positala ndi teaser adazipangira inuyo. Muwerenge kawiri kuti wolemba ndi dayirekita ndi ndani. Mwini video show, yemwe akaphonya amataya mafuta a jenereta ndi anthu a usiku wonse, asadalire chimodzi: trailer yopanda mawu imuuze ngati filimu idzapirire kumasuliridwa, clip imuuze ngati mzukwa uli ndi mano, kenako aionere yekha yonse asanailembe pa bolodi.

Tidaiyesa pomwepo pakhonde paja. Muphwa wanga adazimitsa mawu, tidaweramira pa foni. Pa nthabwala yomwe idamuseketsa katatu ija, mayi wokuwayo adali m'chipinda chowala, chinthu chomwe amati chikumuthamangitsacho chili pa masitepe a mdima, ndipo pakati pake tsitsi la mayiyo lidali litasintha kamangidwe. Adabwereza kawiri, chala chili pa galasi.

"Koma atsibweni, apa ndiye atisoka."

Tidafufuza maina. Osewera awiri akale abwerera, mmodzi dzina lake lili kumapeto ndi kamawu kaja patsogolo. Dayirekita ndi yemwe uja, olemba ndi ena. Adakhala chete pang'ono, kenako adati pa bolodi alembabe kuti ikubwera, poti kulemba n'kwaulere, koma tsiku saika mpaka clip ituluke. Adandibwereka choko cha mdzukulu wanga n'kutsetserekera kumsika.